Uthenga wa polowa pa Ubuntu sukutuluka, ndalakwitsa pati?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kuntchito andisiyira kompyuta imene timagwiritsa ntchito anthu asanu, ena amalowamo kudzera pa SSH (njira yolowera mu kompyuta uli patali) ali pa malaputopu awo. Amene ankaisamala anachoka osasiya ngakhale kapepala. Nditalemba cat /etc/os-release ndinapeza kuti ndi Ubuntu 22.04 (mtundu wina wa Linux), ndipo lscpu inandionetsa purosesa yake. Mpaka apo zinali bwinobwino.

Chikundisautsa n'chakuti disiki imadzaza anthu osadziwa, komanso pali wina amangozimitsa kompyutayo ntchito za anzake zili mkati. Ndiye ndikufuna munthu akangolowa aziona malo otsala pa disiki, RAM, ndi mawu akuti "musazimitse musanafunse".

Ndinayamba ndi /etc/motd, fayilo ya uthenga umene munthu amaona akalowa. Mawuwo anatuluka, koma manambala amangokhala omwe ndinalemba pamanja aja. Kenako ndinalemba script (fayilo ya malamulo oti kompyuta ichite) yokhala ndi df -h ndi free -h, zoonetsa malo a pa disiki ndi RAM, n'kuiika mu /etc/update-motd.d/ ndi dzina lakuti 99-uthenga.sh. Kulowanso, zii. Nditakwiya ndinangoika echo pamwamba penipeni pa .bashrc (fayilo imene imayendetsedwa ukatsegula polembera malamulo) ya akaunti imene timasungirako mafayilo. Uthenga unatulukadi, koma m'mawa mwake mnzanga akuti rsync yake, pulogalamu yokopera mafayilo, ikukana. Ndaononga chiyani?

Woyankha woyamba:
Achimwene, chotsani .sh pa dzinalo. Ma script a mufoda imeneyo amayendetsedwa ndi pulogalamu ya run-parts, ndipo iyo imadumpha dzina ngati limenelo chifukwa cha kadontho, osakuuzani kanthu. Likhale 99-uthenga basi. Mzere woyamba ukhale #!/bin/sh, kenako sudo chmod +x pa fayiloyo kuti izitha kuyendetsedwa. Musanavutike ndi kutuluka n'kulowanso, lembani run-parts --test /etc/update-motd.d/ muone ngati yanuyo ili pamndandanda. Nambala ya kumayambiriro ndi imene imanena yoyamba kutuluka, ndiye 99 izikhala pansi pa zonse.

Woyankha wachiwiri:
Za rsync zija mwadzipalira nokha. Iyo ikalumikiza pa SSH imayembekezera kulankhulana ndi rsync inzake ya mbali inayo, ndiye m'malo mwake ikulandira moni wanu. sftp, yotumizira mafayilo, nayo imasokonezeka chimodzimodzi. Tsegulani .bashrc muone chakumayambiriro, pali mizere yoyamba ndi case $- in. Ntchito yake ndi kuimitsa fayiloyo pomwepo ngati wolowayo ndi pulogalamu osati munthu. Inu mwaika echo pamwamba pa mlonda ameneyo. Ichotseni, kapena itsitseni pansi pake. Ine zinandichitikirapo, ndinataya tsiku lathunthu ndikunamizira netiweki.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Ndasintha dzina, pa SSH ukutuluka tsopano, rsync nayo yabwerera. Koma ndikakhala pa kompyutapo n'kutsegula Terminal sindikuona kanthu. Komanso free -h ikuonetsa RAM yochepa kwambiri pansi pa free, kodi ndigule ina?

Woyankha woyamba:
Musagule. Linux imabwereka RAM yongokhala n'kusungiramo zimene yawerenga pa disiki, pulogalamu ikaifuna imabweza. Muziyang'ana pansi pa available, ndipo nambala imeneyo ndi imene muike mu uthengawo, anzanu angayambe kuchita mantha pachabe.

Za Terminal si vuto ayi. Uthengawo umaonetsedwa ndi gawo la Ubuntu lotchedwa pam_motd pa nthawi yolowa, pomwe kutsegula windo ya Terminal si kulowa, munalowa kale. Mukaufuna pamenepo, pansi pa .bashrc yanu ikani run-parts /etc/update-motd.d/, kapena ingoitanani script yanu yokhayo.

Woyankha wachitatu:
Ndingowonjezerapo za wozimitsa uja. Ngati amachita kudina batani, motd sadzaiona n'komwe. Ngakhale /etc/issue, imene imatuluka munthu asanalembe dzina, imaoneka pa console ya malemba okhaokha, osati pa sikirini yolowera ya zithunzi ya GNOME. Ameneyo mumatireni pepala pa batanipo. Ndipo muone ngati ena alibe fayilo ya .hushlogin mu foda yawo ya home, chifukwa amene ali nayo uthenga wanuwo sawuona akamalowa pa SSH.

Wofunsa:
Ndapeza .hushlogin kwa anthu awiri. Mmodzi mwa iwo ndi wozimitsa uja.