Retina: opaleshoni, kafukufuku ndi kuphunzitsa, munthu mmodzi angazisenze?

Wophunzira_maso:
Akuluakulu, ndatsala ndi chaka chimodzi kuti nditsirize ukatswiri wa maso, ndipo mtima wanga wakhazikika pa retina, kachikopa ka m'kati kumbuyo kwa diso kamene kamalandira kuwala. Sabata yatha ndinathandizira aphunzitsi anga pa diso la bambo wina amene retina yake inamatuka. Pa maikulosikopu ndinaona kachikopa kaja kakuyandama, kenako mpweya utalowa kanagona pamalo pake mwakachetechete. Usiku umenewo tulo sitinabwere. Koma ndimafunanso kuphunzitsa ndi kuchita kafukufuku. Kodi zitatuzi zimayendera limodzi?

Mkulu_wa_retina:
Mng'ono wanga, zimatheka, bola mafunso ako azichokera kwa odwala ako. Jules Gonin wa ku Lausanne, m'zaka za m'ma 1920, anaonetsa kuti retina imamatuka chifukwa cha kachiboo, ndipo ukatseka kachibooko imagwiranso. Robert Machemer ku Miami, cha m'ma 1970, anapanga kachida kodula ndi kuyamwa vitreous, madzi onanda a m'kati mwa diso, pamene ambiri ankaopa kuwakhudza. Onsewa anali madokotala oona odwala tsiku ndi tsiku.

Konzekera chaka china kapena ziwiri za retina yokhayokha. Kwa ine chovuta koposa si kulemba. N'kukhala pambali, manja ali pamiyendo, wophunzira akuyandikitsa kachitsulo pa macula, kachigawo ka pakati pa retina kamene timaonera zinthu bwinobwino, mtima uli phaphapha, iwe n'kumangoti, "pang'onopang'ono, kwezako pang'ono." Ukamulanda chida nthawi zonse, sadzaphunzira.

Namwino_wa_maso:
Adokotala, musaganize kuti tsiku lililonse ndi la opaleshoni. Chibwerere OCT, njira yojambulira retina imene inayamba mu 1991, ndiponso majakisoni a m'diso monga ranibizumab amene analoledwa mu 2006, masiku ambiri n'kujambula, kubaya, kujambulanso. Odwala shuga ena amabwera mwezi ndi mwezi, mpaka mumadziwa maina a adzukulu awo.

Diso_lakumanzere:
Pepani ndalowerera, ine si dokotala. Vuto la diso langa linayamba ndi kung'anima ngati mphezi, kenako chimthunzi chotsika ngati katani. Atandipanga opaleshoni anandiuza kuti ndigone chafufumimba masiku angapo, ndisakwerenso ndege mpaka mpweya wa m'diso utatha. Ndikanatopa nazo tsiku lachiwiri, koma adokotala anali atandijambulira diso papepala, kundionetsa pamene kathovu kampweya kayenera kutsamira. Ophunzira awiri anaima kumbuyo kwawo akumvetsera. Pepalalo ndikadali nalo, ndipo uthenga uno ndalemba ndikuona ndi maso onse awiri.