Ndaika Bigsby pa gitala ya kasitomala, koma ikutaya chuni ndiponso ikung'ung'udza

Wokonza magitala, Dedza boma:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi gitala ya mnyamata wina woimba lidi ku tchalitchi kuno, yopangidwa motengera gitala ya Gibson yotchedwa SG, pamwamba pake pafulati, buliji yake (chitsulo chomwe nsambo zimatsamirapo pa thupi la gitala) ndi ya mtundu wa tune-o-matic. Mkulu wake amene ali ku Johannesburg anamutumizira Bigsby B5, chitsulo chokhala ndi mkono wogwedezera mawu a nsambo, ndiye anabwera nayo kuti ndimuikire.

Ndinachotsa stopbar, chitsulo chija chimagwira nsambo kumbuyo kwa buliji. Ndinazulanso timapaipi take tiwiri tomira m'thabwa, mabowo n'kutseka ndi timitengo. Poika ndinafatsa ndithu. Ndinamata tepi, ndinakoka ulusi uwiri kuchokera pa nati (pomwe nsambo zimadutsa popita kumutu wa gitala) kudutsa pa buliji, wina mzere wa E wamkulu, wina wa E wamng'ono, mpaka chitsulocho chinakhala pakati penipeni. Kenako ndinaboola timabowo tinayi n'kumanga.

Mavuto ndi awiri. Ndikangotsitsa mkono wa Bigsby pang'ono n'kuusiya, nsambo za G ndi D zikubwerera zitakwera, osafika pomwe zinali. Chachiwiri, ndikalumikiza ku ampu ikung'ung'udza, pomwe isanabwere kwa ine inali zii. Mwini wake akuifuna Loweruka, ali ndi ukwati woti akaimbe ku Linthipe. Zikundisowetsa tulo chifukwa mwanayu anandikhulupirira.

Wamawayilesi, Ntcheu boma:
Achimwene, tiyambe ndi phokosolo. Lumikizani, kwezani voliyumu, gwirani nsambo ndi dzanja. Kenako siyani nsambo, mugwire chitsulo cha pa jeki, polowera waya wa ampu. Mutiuze kuti likutha pati.

Wokonza magitala, Dedza boma:
Ndayesa pompano. Pa nsambo palibe chikusintha. Ndikagwira jeki likuzima.

Wamawayilesi, Ntcheu boma:
Basitu, nsambo zanu zilibe ethi, kutanthauza kuti sizinalumikizidwe ndi waya ku chitsulo cha jeki chija. Magitala ambiri a mtundu umenewo ali ndi kawaya kochokera kuseri kwa poti (kachipangizo kopotokola) ya voliyumu, kodutsa m'kabowo ka m'thabwa n'kukatulukira m'bowo la kapaipi ka stopbar, mbali ya mapoti. Sikawotchereredwa ayi, kamangopanidwa pakati pa kapaipi ndi thabwa. Tsiku lomwe munazula kapaipi kaja munalekanitsa nsambo ndi ethi, kawayako n'kukakwirira ndi kamtengo kanu.

Tsegulani chivundikiro chakumbuyo, mupeza waya umodzi wolowera wokha m'thabwa. Ndi umenewo. Chotsani kamtengo ka mbali imeneyo, tulutsani waya watsopano pamwamba, ausendeni, mupanikize pansi pa phazi la Bigsby. Pamalo pomwe waya akhudze palani pang'ono ndi sandipepa kuti chitsulo chikumane ndi chitsulo. Mukamanga, ikani mita yoyezera magetsi pa ohms, nsonga ina pa nsambo, ina kunja kwa jeki. Iwerenge pafupi ndi 0.

Makanika wa njinga zamoto, Lizulu:
Za chuni ine ndikuona ngati ndi sipuling'i, amwene. Ikakhala yofewa siingabweze mkono pamalo pake. Ndili ndi masipuling'i a mavavu ambirimbiri pano, ndikhoza kukupatsirani kondakitala wa minibasi mawa m'mawa. Paja Paul Bigsby mwini wakeyo anali mmisiri wa njinga zamoto ku California asanayambe za magitala, ndiye zida zathu si zachilendo pamenepo.

Mkulu wa bandi, Mtakataka:
Mwana wanga wa ku Lizulu, za Paul Bigsby wanena zoona, koma sipuling'iyo aisiye kaye. Ikanakhala ndiyo yolakwa, nsambo zonse zisanu ndi imodzi zikanasokonekera limodzi, chifukwa zonse zamangidwa pa mtanda umodzi wozungulira. Mnzathuyu akuti ndi G ndi D. Taonani mutu wa SG: makiyi atatu uku, atatu uku. Nsambo ziwiri zapakatizo ndi zomwe zimakhota kwambiri zikangotuluka pa nati kupita ku makiyi ake. Pamenepo ndi pomwe zimagwidwa.

Chimachitika ndi ichi. Mukatsitsa mkono, nsambo imakhwefuka mbali yoimbira, ndiye kachidutswa kake kamatsetserekera kumutu kudzera pa nati. Mukasiya mkono, kachidutswa kaja kamayenera kubwerera. Ngati kangalande ka pa nati kakuthina, kamakanirira komweko, mbali yoimbira imatsala yokungika kuposa kale, mawu n'kukwera. Yesani chonchi: ikakwera, ikokeni nsamboyo pang'ono ndi chala pakati pa khosi. Mukamva kuti "ting" kumutu, chuni n'kubwerera, mwagwira wakuba.

Ndikufunseni, bambo a ku boma, nsambo munaika za saizi yanji, ndipo munachotsa za saizi yanji?

Wokonza magitala, Dedza boma:
Madala, mwalasa. "Ting" uja ndamumva pa G, ndipo ndimamumvanso pochuna koma sindinamulabadire. Inabwera ndi nsambo za 9-42, yowonda kwambiri .009 inchi, yonenepa kwambiri .042. Ine ndinaika 11-49 poganiza kuti Bigsby imakhazikika bwino ndi nsambo zonenepa.

Mkulu wa bandi, Mtakataka:
Maganizo anali abwino, kungoti nati simunaiuze. G wa seti ya 9 ndi .016, wa seti ya 11 ndi .018. D wachoka pa .024 kufika pa .028, E wamkulu pa .042 kufika pa .049. Ndi kusiyana kochepa m'maso, koma pa kangalande kodulidwira nsambo yowonda n'kokwanira kuti igwidwe.

Kulitsani m'mbali, osati kuya. Apa ndiye ndikupempheni mufatse, chifukwa mukakumba pansi nsambo idzayamba kukhudza fureti (kachitsulo kopingasa pa khosi) yoyamba, ndipo nati imeneyo mudzaitaya. Ngati mulibe matupa a nati, za D, A ndi E gwiritsani chidutswa cha nsambo yakale yokulungidwa ya saizi yomweyo, muzichikoka uku ndi uku ngati sowo. Za G, B ndi E wamng'ono pindani sandipepa wosalala, 600 kapena kuposa, muzikhudza makoma okha. Dzanja lizipendekera kumutu, kutsata njira yomwe nsambo ikupita ku kiyi yake, ndipo kumbuyo kwa kangalande ka G ndi D mutsegule pang'ono mbali yomwe ikukhotera. Kokani kawiri katatu, bwezerani nsambo, yesani, kenako mubwerezenso. Pomaliza perani pensulo yofewa m'kangalande kalikonse mpaka mude bii.

Ine ndinaphunzira izi nditaononga nati ya gitala ya eni ake ndi mpeni, usiku woti mawa tikaimba. Sindifuna zikuchitikireni.

Woimba rizimu, Bembeke:
Ndiwonjezereko pang'ono, achimwene, poti inenso yanga ili ndi Bigsby. Onani mapindidwe pa makiyi. Kuzungulira kawiri kapena katatu n'kokwanira, mizere yotsikira pansi mosakwerana. Mukaunjika yambiri imakhwefuka nthawi iliyonse mwatsitsa mkono. Mukatha, kokani nsambo iliyonse ndi dzanja, chunani, kokaninso mpaka isiye kutsika.

Pomanga, kumapeto kwa nsambo kuja kuli kamphete ndimayamba ndakupinda ndi pulayazi kuti kukhale ngati mbedza, ndimakoleka pa kamsomali ka pa mtanda, n'kulowetsa kasiponji pansi kuti kasavuke pamene ndikumanga kumutu. Nsambo idutse pansi pa rola yakutsogolo ija isanakwere pa buliji. Ndipo muzisintha imodzi imodzi, apo ayi sipuling'i imagwa.

Mnyamatayo mumuuzenso kuti Bigsby ndi yogwedeza mawu pang'ono, ngati kunjenjemera kwa mawu a woimba. Si yogwetsera mawu pansi ngati mkono wa mtundu wina wotchedwa Floyd Rose. Komanso kuzizira kwa kwathu kuno mukukudziwa. Akafika pa ukwati m'mawa aitulutse m'chikwama ikhale kaye mphindi zingapo, achune pambuyo.

Kalipentala, Chimbiya:
Buliji musaiiwale. Tengani kapepala mulowetse pakati pa nsambo ndi mkombero wakumbuyo wa buliji. Kakakanika kudutsa ndiye kuti nsambo ikukhuza pamenepo, ndipo ndi malo enanso ogwira. Yang'aniraninso buliji mukamagwedeza mkono: ikamapendama n'kusabwerera, ndiye kuti timipata ta pa masadulo, tizitsulo ta pa buliji tomwe nsambo zimakhalapo, tikuluma nsambo zokulungidwa. Salazani ndi sandipepa yemweyo, mudontheze kamafuta ka makina osokera. Mukadzafuna buliji ya marola, yezani kaye mtunda wa pakati pa mizati yake iwiri. Zambiri zimakhala cha m'ma 74 mm, koma ulusi wa mabawuti umasiyana, pa Gibson zina ndi wa mainchi, zotengera zambiri ndi wa mamilimita.

Ntchito ina ikadzabwera ngati iyi, pali mbale yotchedwa Vibramate V5 yomwe imamangidwa pa mabowo a stopbar omwewo, B5 n'kukhala pamwamba pake. Simuboola, timapaipi simuzula, ndiye ethi imatsala momwe inalili.

Makanika wa njinga zamoto, Lizulu:
Ndamva, madala, ndagonja pa za G ndi D. Koma ndi nsambo za 11 mkonowo sunagwe pafupi ndi thabwa?

Wokonza magitala, Dedza boma:
Zikomo nonse, ndabwera ndi lipoti. Kawaya ndinakapeza momwe ananenera a ku Ntcheu, kataphwanyidwa pansi pa kamtengo kanga. Ndaika wina, mita ikuwerenga 0.4, ndikagwira nsambo ampu ili zii.

Nati yanditengera ola lathunthu. G yokha ndinabwereza kanayi "ting" asanathe. Kapepala ka akalipentala kanakanika pa E wamkulu, ndiye ndapala pang'ono mkombero wa buliji pamenepo, tsopano kakudutsa. Ndatsitsa mkono kakhumi motsatizana, kachipangizo kochunira kakuonetsa kuti nsambo zonse zili pa chuni, kupatula D yomwe ikutsala yokwera pang'ono kwambiri, ndipo sadulo yake ndiisalaza mawa kukacha.

A ku Lizulu, mwaonanso bwino, mkono unatsikadi moti zala zimakhudza thabwa. Sipuling'i yomwe ilipo ndi ya 7/8 inchi. Ndaika washa mmodzi pansi pake, wakwera bwino. Mnyamatayo abwera Lachisanu madzulo ndi ampu yake kuti tidzayesere limodzi, ndipo ndimufunsa ngati zala zake zikugwirizana ndi 11 kapena titsikire pa 10-46.