Kumutumiza mwana kumudzi kuti asiye chamba, kumathandiza?

Mayi wa ku Kanyama:
Abale ndipatseni nzeru. Mwana wa akulu anga ali ndi zaka 16, sukulu anasiyira giredi 9, manje ndi chamba ndi masirapu a chifuwa aja, usiku kaya amagona kuti, ena akuti amamuona ku Chibolya, komboni ya mu Lusaka yodziwika ndi malonda a chamba. Kulangiza talangiza, kwa abusa tapita naye, palibe chasintha. Agogo ake ku Katete akuti mubweretseni kuno azikhala nafe kumunda. Ine mantha anga ndi oti tikungokatula mtolo pa nkhalamba. Alipo anayesapo?

Aphunzitsi opuma:
Amayi, maganizo a agogowo musawapeputse. Ku Australia anthu a mtundu wa Warlpiri, eni nthaka akumeneko, ana awo anatha ndi kununkhiza petulo pamudzi wa Yuendumu, ndiye mu 1994 akuluakulu eni ake anayamba kumawatenga anawo kupita nawo kutchire kumalo otchedwa Mt Theo, kutali kwambiri koti sungathawe wapansi. Uko amasaka nyama, kuphika okha, kumva mbiri ya malo a makolo awo m'chilankhulo chawo, amakhala mwezi kapena kuposa. Mayi wina dzina lake Peggy Brown ndiye amagona nawo konko anawo. Ine chimene chimandigwira mtima ndi chimenecho, sanawatumize kwa alendo ayi, amene amawasunga anali azakhali awo ndi agogo awo omwe, anthu oti mwana akawayankha mwano amachita manyazi yekha. Ku Canada nakonso a First Nations, eni nthaka a dzikolo, amachita zofanana, kupita ndi achinyamata kukagwira nsomba ndi kukhala m'misasa ndi akulu, poti kumeneko masukulu ogonera aboma anachotsa ana ambiri kwa makolo ndi chilankhulo chawo.

Mnyamata wa pa Soweto Market:
Hahaha ba ticha, kumudzi mukuganiza kulibe chamba? Kachasu ndiye osanena. Mng'ono wanga tinamutumiza ku Chadiza, sabata ziwiri zokha anagulitsa nkhuku za agogo nkukwera basi, tinangomuona watulukira pa Intercity ali mwee.

Aphunzitsi opuma:
Ndiye kusiyana kwake kumeneko mwana wanga, inu munangomukweza basi basi. A Warlpiri aja mwana akabwerera pamudzi amapeza masewera ndi zochita zikumudikira, ndipo kuyambira 2005 kumadera amenewo kunabwera petulo wa Opal woti ukanunkhiza saledzeretsa. Kuno ku Zambia tujilijili, mowa waukali wa m'timapaketi uja, analetsa mu 2012 koma pakomboni chinalowa m'malo mwake nchiyani, ana angopeza zina.

Nesi wausiku:
Musanagule tikiti mupite naye kaye ku kiliniki kapena ku Chainama, chipatala cha matenda a maganizo, amuone. Masirapu aja ngati ali ndi codeine, mankhwala amene thupi limazolowera, akangosiya thupi limaphwanya, thukuta, kutsegula m'mimba, tulo osabwera masiku angapo, agogo angaganize kuti mwana walodzedwa. Ndipo ngati amamwanso mowa tsiku ndi tsiku kusiya mwadzidzidzi ena amafika pokomoka. Komanso mumufunse mwini wake, womukakamiza ndi amene amathawa.

Mayi wa ku Kanyama:
Zikomo nonse. Amalume ake alipo ku Katete konko, ali ndi ng'ombe ndi dimba la tomato, ndiwaimbira madzulo ano ndimve ngati angamutenge iwo osati agogo okha. Ba nesi, ku Chainama amafuna kalata yochokera ku kiliniki kapena tingopita?