Ndigule rezini ndi matabwa otani pokonzanso boti la faiba?

Wa ku Area 25:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene munagwirapo ntchito yokonza maboti a faiba. Malume anga atatisiya chaka chatha, banja linagwirizana kuti boti lawo, lomwe ankaphera usipa ndi utaka ku Senga Bay, likhale m'manja mwanga, ndipo ndinalibweretsa pa lole kuno ku Lilongwe chifukwa kunyanja kunalibe woliyang'anira. Ndi lotalika mamita 6 ndipo limayenda ndi injini ya Yamaha ya mahosipawa 15.

Thabwa lakumbuyo, pomwe pamakhala injini, lafewa. Ndikaligogoda limamveka ngati ng'oma yonyowa, ndipo tsiku lina nditamasula bawuti imodzi, m'bowomo munatuluka madzi akuda onunkha. Kunsi kwa boti, komwe kumakhudzana ndi mchenga polikokera kumtunda, faiba inaperepeseka ndipo pali mng'alu wotalika ngati chikhatho changa.

Ndayenda m'mashopu a ku Malangalanga. Pa rezini, mankhwala amadzimadzi omatira faiba, wogulitsa wina akuti ndigule ya polyester, wina akuti ya epoxy, yomwe mtengo wake ndi wokwera kangapo, pomwe mnzanga wowongola magalimoto akuti mng'aluwo ndingoumata ndi body filler. Ndalama zanga ndi zochepa, koma botili lidzanyamula ana a malume omwewo usiku pakati pa nyanja, choncho sindikufuna kungophimba zilonda. Kodi ndigule ziti, ndipo thabwalo ndilowetsemo mtengo wanji?

Mmisiri wa ku Salima:

Achimwene, pepani ndi maliro a malume. Poyamba, body filler muitaye kutali, chifukwa imamwa madzi ndipo ilibe ulusi woti ugwire mphamvu. Imaoneka bwino tsiku lopenta, koma boti likayamba kumenyana ndi mafunde imang'ambika n'kugwa.

Musanagule kalikonse, dziwani kaye kukula kwa vuto. Tengani dilu, muboole timabowo tingapo pa thabwa lakumbuyo kuchokera mkati mwa boti, osatulukira kunja, ndipo muyang'ane utuchi umene ukutuluka. Ukakhala woyera ndi wouma, pamenepo ndi pamoyo. Ukakhala wakuda, wonyowa, womata m'zala ngati phala, thabwalo linatha. Malinga ndi mmene mwafotokozera, ndikukhulupirira kuti lonse ndi lochotsa. Dulani faiba yamkati yokha, mukokolole zowola zonse, koma chikopa chakunja muchisiye, pakuti ndicho chikusunga maonekedwe a boti ndipo kuchiumbanso ndi ntchito yowawa.

Pa nkhani ya rezini, boti lanulo mosakayika linaumbidwa ndi polyester, monga maboti ambiri a faiba. Vuto ndi lakuti polyester yatsopano sigwira kwambiri pa faiba yakale imene inauma zaka zapitazo, komanso sigwirana bwino ndi mtengo. Epoxy imamata zonse ziwirizi mwamphamvu ndipo imatchinga chinyezi kuposa polyester. Ine ndikanakhala inu, ndikanagula epoxy yokwanira thabwa lakumbuyo lokha, popeza pamenepo ndi pomwe injini imakankha ndi kugwedeza usiku wonse. Thabwalo likhale plywood ya m'madzi, imene amaitcha marine plywood. Yabwino imakhala ndi chidindo cha BS 1088. Mumate zidutswa ziwiri za mamilimita 18 kuti zikhale chimodzi, mupake epoxy mbali zonse makamaka m'mphepete momwe mwadula, chifukwa madzi amalowera kumeneko. Mabowo a mabawuti muwaboole aakulu pang'ono, muwadzaze ndi epoxy, ikauma mubooleponso pakati pa saizi yoyenera. Mukatero bawuti sikhudzanso mtengo. Thabwa la malume anu linaola chifukwa cha mabowo amenewa, si china ayi.

Mayi wa ku Kanengo:

Ndikugwirizana ndi bambo a ku Salima pa za thabwa, koma ndikufuna kuikira kumbuyo polyester, chifukwa ndiyo timagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku poumba ndi kukonza matanki, ndipo ambiri amene amaidandaula amakhala kuti anaphonya pokonza malo. Pa mng'alu wakunsiwo polyester ikukwanirani. Perani ndi gilayinda mpaka penti ndi gelcoat, kachikopa kosalala ka pamwamba pa faiba, zichoke, faiba yoyera ionekere, ndipo m'mbali mwa mng'alu mupere motsetsereka, kutalika kwake kukhale pafupifupi ka 12 kuyerekeza ndi kuchindikala kwa faibayo. Ngati faiba ndi yochindikala mamilimita 5, kutsetserekako kufike mamilimita 60 mbali iliyonse. Kenaka pukutani ndi mankhwala otsukira otchedwa acetone, ndipo musagwireponso ndi manja.

Chenjerani ndi msinkhu wa rezini. Polyester sikhalitsa, ikadutsa miyezi isanu ndi umodzi, makamaka m'malo otentha, imayamba kulimba yokha m'chitini. Ine ndinagulapo chigubu chathunthu pamalo ena mumzinda muno, nditafika ku ntchito ndinapeza muli zibuluma ngati ufa wovundula ndi madzi ozizira, ndipo ndinangotaya. Pemphani kuti akutsegulireni muone ngati ikuyenderera bwino, ndipo musagule yonse nthawi imodzi.

Hadena ya polyester, mankhwala amene amaiumitsa, imalowa pang'ono kwambiri, mamililita 10 mpaka 20 pa kilogalamu imodzi ya rezini. Muyeze ndi sirinji, osati ndi maso. Kuno ku Lilongwe m'mawa wa Juni ndi Julaye kumazizira moti rezini imachedwa kuuma, choncho dikirani dzuwa likwere. Mu Okutobala zimatembenuka, imatha kuumira m'chitini burashi ili m'manja, ndiye sakanizani pang'onopang'ono ndipo gwirani ntchito pamthunzi. Hadenayi ndi yoopsa m'maso, ndipo fumbi la faiba limayabwa pakhungu ndi kuwononga m'chifuwa, kotero magalasi, magolovesi ndi masiki si zokongoletsa.

Za nsalu ya faiba, pali ija ya ulusi wodukaduka, imene timaitcha mat, ndi ija yolukidwa ngati mkeka. Mat ya magalamu 450 imamwa rezini yoposa pang'ono kilogalamu imodzi pa sikweya mita, ndiye werengerani potengera pamenepo. Pa polyester muzisinthanitsa, mat pansi, yolukidwa pamwamba, mat kachiwiri, mukukanikiza ndi rola mpaka mpweya wonse utuluke. Pomwe paoneka poyera ngati chipale, ndiye kuti sipananyowe. Koma pomwe mwasankha epoxy musaikepo mat wamba, chifukwa guluu amene amagwira ulusi wake amasungunuka ndi polyester, osati ndi epoxy. Pamenepo gwiritsani ntchito yolukidwa.

Gogo wa ku Nkhotakota:

Mwana wanga, ine za mankhwala sindilankhulapo, amisiri anena kale. Ndikufuna ndikuchenjezeni za kulemera. Ndaonapo anthu akukonza boti la faiba ndi mantha, kuunjika matabwa a bulugamu ndi faiba yambiri kumbuyo, mapeto ake boti limakhala pansi ngati bakha wolumala, ndipo injini ya mahosipawa 15 imangomwa petulo osapita patali. Mwera ukayamba kuwomba m'miyezi yozizira, boti lolemera kumbuyo limamwa madzi msanga, makamaka mutanyamula chilimira chonyowa ndi anthu.

Pa mipando ndi m'milomo ya boti funani mlombwa kapena mbawa wouma bwino, ndipo mugule kwa ogulitsa amene ali ndi chilolezo, popeza mitengo imeneyi ikutha m'nkhalango zathu. Paini ndi wopepuka ndi wotsika mtengo, koma sapirira chinyezi, ndipo madzi a nyanja yathu, pokhala opanda mchere, amaoletsa mtengo mofulumira. Mabawuti akhale a stainless, osati achitsulo wamba amene amachita dzimbiri n'kung'amba thabwa. Kunsi kumene kumakhudza mchenga muwonjezereko mzere wa faiba wochindikala kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, kuti uziperepeseka ndi umenewo m'malo mwa thupi la boti.

Chimene ndikupemphani ndi mtima wonse n'chakuti pansi pa mipando mutsekeremo zoyandamitsa. Ngalawa ya mtengo ikagubuduka imayandamabe, anthu n'kuigwirira mpaka thandizo lifike, koma faiba ikadzaza madzi imamira ndi injini yomwe.

Wa ku Area 25:

Zikomo kwambiri nonsenu. Ndaboola monga munanenera bambo a ku Salima, ndipo pa mabowo asanu ndi atatu, awiri okha a m'ngodya zapamwamba ndi amene atulutsa utuchi wouma. Ndili ndi mafunso awiri otsala. Marine plywood ikapanda kupezeka mumzinda muno, ndingatani? Ndipo zoyandamitsa zimene anena agogo, kodi ndingagwiritse ntchito zija zoyera zopepuka zimene zimabwera m'makatoni a mafiriji?

Mmisiri wa ku Salima:

Ikasowa ya m'madzi, funani plywood yopangidwira panja, ya guluu wosasungunuka, ndipo muiyese nokha musanagule yambiri. Dulani kachidutswa, mukawiritse mumphika kwa ola limodzi kapena awiri, kenaka mukaumitse padzuwa. Zigawo zake zikayamba kusendeka, isiyeni. Yang'ananinso m'mphepete ngati mulibe mphako pakati pa zigawo. Ikapirira, ikhoza kukutumikirani, malinga muikute yonse ndi epoxy osasiya ngakhale pang'ono pamtunda.

Zoyera za m'makatonizo zimayandama, koma polyester ndi petulo zimazisungunula nthawi yomweyo. Ngati mulibe njira ina, muzikulunge bwino mupulasitiki wochindikala ndipo zikhale kutali ndi thanki ya mafuta. Asodzi ena kuno amangotsekera zigubu zopanda kanthu za malita 20, zotseka bwino, pansi pa mipando n'kuzimangirira ndi chingwe, ndipo chigubu chilichonse chimanyamula pafupifupi makilogalamu 20 m'madzi. Muziike mbali zonse ziwiri mofanana, zina kufupi ndi injini komwe kuli kolemera. Chinanso, gelcoat sigwira bwino pamwamba pa epoxy, choncho mkati mwa thabwa lakumbuyo mudzangotsuka, kupera ndi sandipepa ndi kupaka penti yoteteza ku dzuwa. Mukachotsa zowolazo, siyani chikopa cha faiba chiume kwa milungu ingapo pamalo osavumbwa musanamate chilichonse.