Desiki ya matabwa a mapaleti ndi chitseko chakale: ndiyambire pati?

Moni nonse a m'gulu lino, makamaka inu amisiri a matabwa. Ine si kalipentala, ndimangokonda kukhomakhoma pa Loweruka. Ndapangapo kampando ka ana, poika nsapato ndi kashelefu ka maluwa, zonse za matabwa amene anagwirapo kale ntchito. Tsopano ndikufuna desiki yeniyeni yogwirirapo ntchito kunyumba, yokwana laputopu, pulinta ndi mafailo, komanso mashelefu awiri a mabuku oti ndikakhome ku ofesi.

Ndili ndi mapaleti amene kuntchito ankafuna kutaya, chitseko chakale cha penti yoyera chimene ndinapempha pa nyumba ina imene inkagwetsedwa, ndi mitanda itatu ya denga la nyumba yomweyo. Sindinadulebe chilichonse, chifukwa pali zinthu zikundidetsa nkhawa. Mapaleti ena ali ndi chidindo chowotchera m'mbali cholembedwa HT, imodzi yalembedwa MB, ena alibe chilichonse. Onsewa ndi oyenera kulowa m'nyumba momwe muli ana? Mtanda umodzi uli ndi timabowo ting'onoting'ono, ndipo ndikaugogoda mukutuluka utuchi wosalala. Koma nkhawa yanga yaikulu ndi pamwamba pa desiki. Ndaonapo matebulo a mapaleti amene pakangopita miyezi pamwamba pake pamapindika, mizere ya guluu n'kuyasama. Nditani kuti yanga isatero? Kapena ndingogoneka chitsekocho kuti chikhale pamwamba, nkhani ithe? Ndithandizeni, abale.

Kalipentala wopuma: Mayi, mwachita bwino kufunsa sowo isanakhudze thabwa. Ndiyankhe za chidindo. Chimenecho ndi cha lamulo la mayiko lotchedwa ISPM 15, limene linavomerezedwa mu 2002 pofuna kuti tizilombo tisamayende ndi matabwa a katundu kuchoka dziko lina kupita lina. HT ikutanthauza kuti thabwalo linatenthedwa mpaka pakatikati pake panafika madigiri 56 kwa mphindi zosachepera 30, popanda mankhwala. Amenewo ndiwo mugwiritse ntchito. MB ndi methyl bromide, mpweya wapoizoni umene amafukizira matabwa. Ine paleti yotere sindiilowetsa m'nyumba, sindiipala, ndipo sindiisonkhezera moto. Opanda chidindo nthawi zambiri amakhala amene sanadutse malire a dziko, choncho simungadziwe mbiri yawo. Apo khulupirirani maso ndi mphuno: ngati pali madontho a oilo, ufa wosadziwika kapena fungo la mankhwala, isiyeni. Ngakhale ya HT ikhoza kuti inanyamulapo madiramu otayikira. Chidindo chimangonena zimene anachita kufakitale, osati zimene paletiyo inanyamula pambuyo pake.

Mnyamata wa mashelefu: Asisi, musadzivutitse ndi guluu. Gonekani chitsekocho pa miyendo inayi basi. Thabwa limene lakhala zaka zambiri m'nyumba linauma kalekale, silipindika msanga. Pitanipo ndi sandipepa, penti ichoke, mupake vanishi.

Namwino wokonda matabwa: Achimwene, za kuuma mwanena zoona, koma za sandipepa ayi ndithu. Mayi, penti zakale zambiri, makamaka zonyezimira zopaka zitseko ndi mawindo, zinali ndi mtovu. Ku America analetsa penti yotere m'nyumba mu 1978, koma mayiko ambiri analetsa mochedwa kwambiri, choncho chitseko sichiyenera kukhala cha makedzana kuti chikhale nayo. Penti ikadali yomatirira, vuto limakhala lochepa. Mukaipala youma imasanduka fumbi limene limatera pansi, pa zoseweretsa ndi m'manja mwa ana, ndipo mtovu umawononga ubongo wa mwana amene akukula ngakhale utalowa pang'ono. Kuiwotcha ndi moto kuti isupuke n'koopsa kuposa pamenepo. Pali timankhwala toyezera mtovu pa penti. Mukatipeza yezani, ndipo kandani pang'ono kuti mufike pa penti ya pansi penipeni, chifukwa chitseko chimapakidwa kangapo. Mukalephera kuyeza, chitengeni ngati chili nawo.

Wofunsa: Zikomo kwambiri anamwino, za mtovuzi zandigwira mtima chifukwa wamng'ono wanga amasewera pomwe ndimagwirira ntchito. Chitseko ndachiika pambali. Ndiye kuti pamwamba pakhala pa mapaleti. Madala, ndiphunzitseni za kupindika kuja.

Kalipentala wopuma: Thabwa silisiya kumwa ndi kutulutsa chinyezi ngakhale mtengo wake unadulidwa kalekale. Nyengo ya chinyezi limafufuma, kukauma limanyala. Chofunika kudziwa n'chakuti limasintha m'lifupi, pomwe m'litali silisintha kwenikweni. Matebulo amene munaonawo anapangidwa ndi matabwa amene anali panja dzulo lake, n'kumatidwa lero. Anauma ali kale tebulo, thabwa lililonse n'kukokera kwake.

Ndiye mukaphwasula mapaletiwo, musathamangire guluu. Sanjani matabwawo m'chipinda chomwe desikiyo idzakhale, osati pakhonde kapena padzuwa. Pakati pa mzere uliwonse ikani timitengo tofanana ta masentimita 2 kuti mpweya uzidutsa, pamwamba mutsamiritse chinthu cholemera. Mipando ya m'nyumba imafuna thabwa la chinyezi cha pakati pa 8 ndi 12 peresenti. Ngati mulibe kachipangizo koyezera, tengani thabwa limodzi, muziliika pa sikelo masiku angapo alionse ndi kulemba kulemera kwake ndi pensulo pa thabwa pomwepo. Likasiya kupepuka, lakhazikika. Zitha kutenga masabata, koma kudikira kumeneku ndi kumene kumapulumutsa desiki.

Pomata, yang'anani kunsonga kwa thabwa lililonse. Muona mizere yokhota ya zaka za mtengo. Thabwa lina mizereyo iyang'ane kumwamba, lotsatira iyang'ane pansi, mosinthana choncho, kuti kukhota kwa lina kubwezedwe ndi linzake. M'mbali mwa matabwa mupale mpaka awiri akagundana pasaoneke kuwala. Guluu wa matabwa woyera uja ndi wolimba zedi, koma satseka mpata. Matani atatu kapena anayi nthawi imodzi, panani ndi makilampu pansi ndi pamwamba, kenako mulumikize zigawozo.

Ambiri amagwera apa: amakhomera pamwamba pa tebulo ku felemu ndi masikuluu olimba paliponse. Pamwamba pa masentimita 60 m'lifupi pamafufuma ndi kunyala mamilimita angapo pa chaka, ndipo mukapatsekereza pamang'aluka. Pa mitanda yopingasa ya pansi, boolani mabowo ataliatali ngati kanjira, sikuluu ikhale ndi washa, kuti pamwambapo pazitha kusuntha. Ndipo zimene mwapaka pamwamba mupakenso kunsi, apo ayi mbali imodzi izimwa chinyezi inayo ayi, kupindika n'kuyamba.

Mayi wa ku ofesi: Ndiwonjezereko pang'ono. Matabwa a paleti ndi opyapyala, mukawapala amatsala mwina masentimita 1.5, ndiye felemu ya pansi ikhale yolimba. Kutalika kwa desiki kuchokera pansi kukhale masentimita 73 mpaka 75, koma yesani kaye ndi mpando umene mudzakhalepo, chifukwa felemu yokhuthala imagunda ntchafu. Za mashelefu a ku ofesi, mabuku ndi mafailo ndi olemera kwambiri. Thabwa la paini la masentimita 2 lisapitirire masentimita 60 kapena 70 popanda chochirikiza, ndipo mukamata kathabwa koimirira kutsogolo kwake silibwama msanga.

Mnyamata wa mashelefu: Za penti zija ndamva, anamwino, zikomo. Asisi, pophwasula musalimbane ndi misomali ya paleti. Ndi yopota, inapangidwa kuti isazuke, ndipo mukakanula ndi chitsulo matabwa amang'aluka kunsonga. Ngati simukufuna matabwa ataliatali, dulani ndi sowo m'mbali mwa mitanda ya paleti, misomali itsale kumeneko. Ngati mukufuna athunthu, tsegulani kampata, dulani misomaliyo ndi sowo ya zitsulo, mitu muitulutse ndi panchi, kachitsulo kokhomera misomali. Kenako yendetsani maginito pa thabwa lililonse, ndipo kwechani ndi bulashi ya waya kuti mchenga uchoke. Kamsomali kamodzi kobisika kamabenthula mpeni wa puleni.

Wofunsa: Ndalemba zonsezi m'kope. Nanga mitanda ya denga ija? Ndimafuna ndiyo ikhale miyendo.

Mmisiri wa madenga: Mayi, mupale kachigawo kakang'ono muone mtundu wa mkati. Ngati ndi wobiriwirako, n'kutheka kuti unanyikidwa mu CCA, mankhwala oteteza ku chiswe ndi kuwola omwe ali ndi kopa, chromium ndi arsenic. Matabwa ambiri a madenga ndi a panja amakhala otere. Utuchi wake si woupuma, ndipo zotsala zake musawotche chifukwa utsi ndi phulusa lake ndi zapoizoni. Ine sindingapangire mipando ya m'nyumba. Wakuda wonunkha phula nawonso ayi. Ngati mkati ndi moyera bwino popanda fungo, ikhoza kukhala miyendo yabwino.

Wa timabowo uja uchotseni pafupi ndi matabwa enawo lero lomwe. Amaboola ndi mphutsi za tizikumbu timene timadya thabwa chamkati, ndipo bowo limaoneka kachikumbu kakamatuluka. Kuti mudziwe ngati tilimobe, sasani utuchi wonse, zungulizani mabowo amene alipo ndi pensulo, muugoneke pa pepala lakuda kwa masabata angapo. Mukapeza utuchi watsopano kapena bowo lopanda pensulo, muli zamoyo. Vanishi saphera za mkati. Mankhwala ophera tizilombo otchedwa borate amathandiza pa thabwa losapakidwa kanthu, koma ngati chizelo chikulowa mosavuta ngati mu siponji, mwendo umenewo sunganyamule desiki.

Wofunsa: Ndapala ndi chizelo panja, mitanda iwiri ija ndi yoyera mkati, ilibe fungo. Ndi yaitali moti uliwonse utuluka miyendo iwiri. Wa timabowo ndautulutsa. Funso lomaliza, madala: ndipake vanishi kapena mafuta a linseed? Ndimakonda zipsera za misomali zizioneka.

Kalipentala wopuma: Zonse ziwiri zimaonetsa zipserazo. Pa desiki yoikapo makapu ndi zigongono tsiku lililonse, vanishi wa polyurethane ndiye amapirira madzi. Palani ndi sandipepa yokhakhala ya nambala 80, kenako 120, mumalize ndi yosalala ya 180, motsata mizere ya thabwa, mutavala masiki. Pakani katatu mopyapyala, mukupala pang'ono pakati. Mabowo a misomali a pamwamba mutseke ndi utuchi wosakaniza ndi guluu kuti cholembera chisamaboole pepala. Mafuta a linseed asungireni mashelefu, koma nsanza zimene mwapakira musaziunjike pamodzi: mafutawo akamauma amatulutsa kutentha, ndipo mulu wa nsanza umatha kuyaka wokha. Ziyanikeni panja imodziimodzi mpaka ziume gwa, kapena zimizeni m'chitini cha madzi.