Sense ndi reference zonse zikutuluka "tanthauzo", thandizani

Womasulira: Akuluakulu, ndapanikizika. Ndikumasulira buku la Chingerezi la ophunzira filosofi, mutu wa Frege, katswiri wa filosofi wa ku Germany, nkhani yake ya 1892 yosiyanitsa sense ndi reference. Termbase, nkhokwe ya mawu ya mu pulogalamu yomasulira, ikundipatsa "tanthauzo" pa sense, "tanthauzo" pa reference. Ndiye chiganizo chikutuluka chonchi: mayina awiriwa ali ndi tanthauzo limodzi koma matanthauzo osiyana. Zamisala zenizeni. Masegimenti (tizidutswa ta zolembazo mu pulogalamuyi) okhudzidwa ndi 140, ntchito ikufunika Lachisanu. Ndipange Find and Replace basi, makina asinthe liwulo paliponse?

Mkonzi: Ayi achimwene, Replace musaikhudze kaye. Yambirani pa chitsanzo cha Frege. Nyenyezi yowala ya m'bandakucha, nthanda, ndi ija ya madzulo n'chinthu chimodzi, pulaneti ya Venus. "Nthanda ndiyo nthanda" sichikuuza munthu kanthu, koma "nthanda ndiyo nyenyezi ya madzulo" anthu anachita kutulukira. Chinthu n'chomwecho, chasiyana ndi mmene dzina lililonse likuchionetsera. Choncho reference ikani "cholozedwa", sense ikani "kaonetsedwe", ndipo "tanthauzo" mulisiyire pamene wolemba wati meaning mwachisawawa.

Wadikishonale: Liwu la Frege limene Chingerezi chati reference ndi Bedeutung, ndipo Bedeutung pa Chijeremani ndi tanthauzo. Kumeneko ndiye kumasulira. Zina zonsezi mukumupangira Frege mawu amene sananene.

Mkonzi: Zoona bambo, koma Bedeutung ya dzina loti Venus, kwa Frege, ndi pulaneti yeniyeniyo. Ndani angawerenge kuti tanthauzo limazungulira dzuwa n'kumva?

Mphunzitsi: Chenjezo langa lili pa sense. Musaike "ganizo". Mawuwo muwafuna kutsogolo pa Gedanke ya Frege, yomwe ndi sense ya chiganizo chathunthu. "Chithunzi cha m'maganizo" nachonso ayi, imeneyo ndi Vorstellung, ya munthu payekhapayekha, pamene sense anthu ambiri akhoza kugwira imodzi yomweyo. Mukasakaniza zitatuzi mutu wonse wagwa. Ndipo musadabwe mukafika poti cholozedwa cha chiganizo ndi kukhala kwake choona kapena chabodza. Si kulakwitsa kwa osindikiza, musakonze.

Womasulira: Chabwino. Nanga Replace yavuta pati?

Mkonzi: Magulu a mayina. Tanthauzo limayenda ndi la, li, lake. Cholozedwa chimafuna cha, chi, chake. Kaonetsedwe, ka ndi kake. Makina asintha dzina lokha n'kukusiyirani "cholozedwa lake ndi limodzi". Sefani masegimenti potengera Chingerezi, osati Chichewa: choyamba a reference, refer, referent, kenako a sense, n'kukonza pamanja. Pa sense samalani ndi "in this sense" ndi "makes sense", amenewo si mawu a Frege. Mukatha gawani entry ya mu termbase pawiri, apo ayi TM, nkhokwe ya zimene munamasulira kale, ibwezeretsa zakale.

Wowerengera zolakwika: Palinso "ndi". "Nthanda ndi nyenyezi ya madzulo" munthu akhoza kuwerenga ngati mukutchula zinthu ziwiri. Lembani "ndiyo". "N'chimodzimodzi ndi" musagwiritse, ambiri amamva kufanana chabe, pamene apa a = b ikunena chinthu chimodzi. Zizindikiro zogwira mawu nazo muziyang'ane: "Venus" ali ndi zilembo 5, Venus alibe zilembo. Zikasowa poika masamba, mfundo yapita.

Wadikishonale: Geach ndi Black pomwe, omasulira zolemba za Frege m'Chingerezi, m'kope lachitatu la 1980, anachotsa reference n'kuika meaning. Ndiye ine ndalakwa pati?

Mphunzitsi: Anaterodi, koma Beaney, mkonzi wa buku lina la zolemba za Frege, mu 1997 anangosiya Bedeutung osamasulira. Komanso mnzathuyu akumasulira buku limene lalemba kale reference. Atsate limenelo.

Chinanso: ngati bukulo lili ndi Saussure, katswiri wa zilankhulo, "cholozedwa" musachitengere ku liwu lake loti signifié. Kwa iye signifié ndi lingaliro, si mtengo weniweni uli panjawo. Russell, katswiri wa filosofi wa ku Britain, mu nkhani yake ya 1905 nayenso ali ndi liwu lake loti denoting, ndipo kusiyanitsa kwa Frege anakukana. Liwu limodzi pa anthu atatuwa liwagwirizanitsa pamene sankagwirizana.

Womasulira: Saussure alimo, mutu 6. Nanga dzina lopanda cholozedwa, ngati Odysseus wa m'nthano za Agiriki, ndinene kuti lilibe chiyani? Kasitomala analemba "mawu opanda tanthauzo" pa glosale yake, mndandanda wa mawu umene anandipatsa.

Mkonzi: Imeneyo mubwezereni ndi funso. Kaonetsedwe kalipo, chosowa ndi cholozedwa. "Opanda tanthauzo" wowerenga amva kuti ndi phokoso chabe.

Wadikishonale: Tanthauzo loyamba, tanthauzo lachiwiri, ndi kamzere kofotokoza m'munsi. Ophunzira amva.

Wowerengera zolakwika: Kodi glosale ya kasitomalayo ndi yokhoma, kapena amalola kusintha?