Kodi Leza wa m'mawu akuti "utawaleza" ndani?

NaPhiri wa ku Chilenje
Ndalemba nkhani yaifupi yoti ndikawerenge pamsonkhano wa achinyamata kumpingo kwathu, ndipo Lamlungu lapitali ndinawawerengera atsibweni anga kuti andiwongolere Chichewa. Nkhaniyo ndi ya mayi wamasiye wa ku Katete amene chimanga chake chikufota m'chilala cha 2024. Kumapeto mayiyo akutuluka m'tchalitchi, akuona utawaleza pamwamba pa phiri, mtima wake n'kukhala pansi, popeza ine ndinkaganiza za pangano la Mulungu kwa Nowa pa Genesis 9. Atsibweni anavula magalasi awo n'kundifunsa kuti, "Mwanawe, ndi mlimi uti amene amakondwera ndi uta wa Leza pamene akudikira mvula? Nanga Leza ameneyo ukumudziwa?" Ndinasowa choyankha, chifukwa ine wobadwira muno mu Lusaka ndinkayesa kuti ndi Lesa wa Abemba amene tinangobwereka. Akuluakulu, ndithandizeni.

ABanda a ku Matero
Atsibweni anuwo akunena zoona. Ambuya anga ku Chadiza akauona utawo mitambo itangoyamba kusonkhana, ankaika khasu pansi n'kutsonya, amvekere, "Basi, wayimanga mvula." Tikauloza ndi chala ankatimenya padzanja ndi mthiko, ati chala chipindika ngati utawo, moti mpaka lero ine ndi imvi zangazi ndimaulozabe ndi milomo. Chitonthozo sindinachionepo pankhope pawo.

Mphunzitsi wopuma, Kabwata
Mwana wanga, nkhani yako ilibe cholakwa. Leza ndi dzina lochokera ku mawu akuti kuleza, monga timanenera kuti kuleza mtima, ndiye kuti Leza ndi Iye wofatsa, wosakwiya msanga. Uta wake ukaoneka ndiye kuti mkwiyo watha. Mayi wako wamasiyeyo ali ndi chifukwa chokwanira chokhazikira mtima pansi.

NaZulu wa ku Chawama
Aphunzitsi, ndikupempha kutsutsako pang'ono. Agogo anga aakazi ankatchula Leza pamene mphezi yang'anima, ndipo ankatilowetsa m'nyumba, kutikhazika pamphasa ndi kutiletsa kuseka mpaka mabingu atapita kutali. Wofatsa sachititsa ana kubisala chotero. Komanso Atonga amati Leza, Abemba amati Lesa, choncho dzinali ndi lakale kwambiri ndipo ndi la mitundu yambiri. Sitingalimangirire pa mneni mmodzi wa Chichewa chifukwa chakuti mawuwo akumveka mofanana. NaPhiri, sitinabwereke kwa Abemba, tonse tinalandira kwa makolo.

Mphunzitsi wopuma, Kabwata
Amayi, mlenje akakoleka uta wake pakhoma ndiye kuti watani? Waleka kulasa. Yang'anani bwino utawaleza: ulibe muvi, ndipo msana wake waloza kumwamba, osati kwa ife. Ameneyo ndi mwini mphezi amene waleza mtima. Mwandithandiza ndinu potchula mpheziyo.

AMwale a ku Kaunda Square
Ine chimene chikundikhudza ndi utawo, osati Leza. Dzina lakuti Chauta nalonso ambiri amalimva kuti lili ndi uta m'kati mwake, ndipo Atumbuka amati Chiuta. Buku Lopatulika la 1922 linalemba Yehova, koma omasulira Buku Loyera la 1998 anaika Chauta pamalo pomwepo, kotero kuti Mulungu wa Nowa ndi mwini uta wa makolo athu anakumana m'buku limodzi. Wamasiye wa NaPhiri ndi munthu wotero: amaimba m'kwaya ya amayi, koma analeredwa ndi ambuya onga a aBanda. Akauona utawo, mawu a abusa amuuza kuti dziko silidzawonongedwanso ndi madzi, pamene iye akulirira madzi omwewo. Lonjezo loletsa chigumula ndi lowawa kwa munthu amene mmera wake wapota masamba ngati anyezi. Pamenepo ndi pamene pali nkhani, ndipo wolemba akangotenga tanthauzo la m'Baibulo lokha, ndiye kuti walemba ulaliki. Kunena zoona, nkhani zambiri zimene ana athu amawerenga kumpingo zimagwera m'mbuna yomweyi: nkhunda ikatera ndiye Mzimu, kadzidzi akalira ndiye mfiti, wowerenga n'kudziwiratu mathero asanafike pakati.

ABanda a ku Matero
Bola NaPhiri akudziwa mawuwo. Mdzukulu wanga anauona titaima pa Soweto Market, anakuwa kuti "renibo", chala chili m'mwamba. Nditamuuza kuti ndi utawaleza, anandifunsa ngati limenelo ndi dzina la basi ya ku Chipata. Ana a muno amati Mulungu basi. Namalenga, Mphambe, Chisumphi, onsewa kwa iwo ndi alendo. Adzalemba bwanji zophiphiritsa ngati mawu ake enieniwo anawataya?

NaZulu wa ku Chawama
Mlandu ndi wathu, aBanda. Ife tomwe tinkawayankhula Chingerezi pakhomo kuti akakhoze kusukulu, ndipo Chinyanja anakachitola m'minibasi.

Mphunzitsi wopuma, Kabwata
Ndaphunzitsa Chinyanja zaka zambiri, ndipo ana onse amene ndinawauza za kuleza mtima sanaiwale mawu akuti utawaleza. Ndikubwerezanso: Leza ndi woleza. Ngakhale pamaliro timati "lezani mtima", sitinena kuti "opani mphezi".

NaPhiri wa ku Chilenje
Zikomo nonse, ngakhale mwandisiya pamphambano. Usiku ndinayesa kulemba mathero ena: mayiyo akutuluka m'tchalitchi, anzake a m'kwaya akululutira utawo n'kumatchula Nowa, iye ali chete, kenako akukweza dzanja n'kuuloza ndi chala mwadala, nthawi yaitali, ngati akuimba mlandu mwini wake. Nditawawerengera atsibweni pafoni anakhala kaye duu, kenaka anati mayi wa ku Katete wa msinkhu umenewo sangachite zimenezo ngakhale atakwiya chotani. ABanda, ambuya anu akanatha kuuloza m'chaka cha njala?

ABanda a ku Matero
Ndi milomo mwina. Ndi chala, ayi.

Mphunzitsi wopuma, Kabwata
Sakanauloza chifukwa ankadziwa kuti mwini wake ndi woleza mtima, ndipo woleza mtima salozedwa chala.